Kulira kwa Kuseri kwa Chitseko

Mvula inawatsekereza pamalo okwerera basi mumzinda wa Guadalajara. Yaretzi, mtsikana wogulitsa mankhwala m'sitolo, anaona mnyamata atalozetsa maikolofoni kudenga la malata.

"Achimwene, mvula nayonso mukuifunsa mafunso?"

"Ndikuijambula, chemwali," anaseka mnyamatayo. "Ndine Leandro. Ndimakonza mawu a m'mafilimu. Pano tikupanga ya mzukwa."

Basi inabwera ndi kupita, iwo akadali kucheza. Pasanathe mwezi, foni ya Yaretzi sinkapumanso.

"Njiwa yanga, wadya?"

"Duwa langa, ndikakusiya iwe ndiye kuti ndafa."

Lamlungu ankadya matamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa m'makoko, kumsika, Leandro n'kumamuuza zinsinsi za ntchito yake.

"Mzukwa ukaoneka, mantha amatha. Choopsa n'kudikira. Phazi limodzi pamasitepe, kenako zii! Chitseko chotseka, wina akulira kuseri kwake. Koma atsikana athu a sewero amalira ngati mphaka wokhuta."

Yaretzi anaseka mpaka misozi. Anali atauza kale mayi ake kuti mkamwini wapezeka.

Tsiku lina m'mawa kunabwera uthenga: "Zathera pano. Usandifunse chifukwa."

Zatha? Zatha bwanji? Anasiya makasitomala pamzere, n'kuthamangira kunyumba kwa Leandro. Njinga yake yamoto inali pakhomo. Anagogoda mpaka zala kutupa.

"Tsegula! Ndalakwa chiyani? Ndikudziwa uli momwemo! Usandisiye ndekha, chonde!"

Chitseko sichinatseguke. Analira atakhala pansi mpaka mawu kusasa.

Miyezi inapita, Yaretzi anaonda. Kenako foni inalira: "Njiwa yanga, filimu yatuluka. Bwera Loweruka masana, ukamvetsa zonse."

Mayi ake a Yaretzi anamuletsa, koma iye anavala diresi yake yachikasu n'kupita.

Holo yoonetseramo filimuyo inali yodzaza. Pakanema, mayi wamasiye ankayenda yekha m'nyumba yakale ya malemu mwamuna wake. Nyimbo zinaleka. Mayiyo anaima pachitseko cha chipinda chimene sichinatsegulidwepo zaka zambiri. Anthu anagwira mpweya. Ndiye kuseri kwa chitsekocho kunayamba kugogoda.

"Tsegula! Ndalakwa chiyani? Usandisiye ndekha, chonde!"

Holo yonse inakuwa. Yaretzi yekha anauma pampando. Amenewo anali mawu ake! Ngakhale kusasa kuja kunalimo.

Filimu itatha anamupeza Leandro pakhomo, atagwirana m'chiuno ndi mkazi amene anasewera wamasiye uja.

"Unali m'kati tsiku lija?"

"Ndinali kuseri kwa chitseko ndi maikolofoni," anayankha akumwetulira. "Ndinkafuna kulira kwenikweni, Yaretzi. Waona mmene anthu anjenjemerera? Uyenera kunyadira."

"Nanga chikondi chija?"

"Ukanalira chonchija ukanakhala kuti sunandikonde?" Anatembenuka. "Casilda, mzukwa wathu uja ndi uyu. Yaretzi, uyu ndi Casilda. Tikukwatirana mu Disembala."

Casilda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwe waluso, mwana iwe. Ine ndinayesa, zinandikanika."

Yaretzi anatembenuka n'kutuluka.

Panja, atsikana a sukulu omwe anaonera filimuyo ankagogoda pagalasi la sitolo, akupinda milomo.

"Usandisiye ndekhaaa, chondeee!"

Onse anafa nako kuseka. Mmodzi anamukodola Yaretzi. "Asisi, mwaionera? Koma mzukwa umene uja ngomvetsa chisoni bwanji!"

Yaretzi anangogwedeza mutu, n'kudutsa.