Sabina Wabisala M'chigafa

Sabina amakhala kufupi ndi Chisepo. Ali mu Sitandade 2. Amakonda kuguba pa asembule. Koma mawu awiri a Chingerezi amamuzunguza mutu. Mawuwo ndi "left" ndi "right".

Lolemba m'mawa ana anafola pamzere. Aphunzitsi anafuula, "Left turn!"

Ana onse anatembenukira kumanzere. Sabina yekha anatembenukira kumanja. Gu! Anawombana mphumi ndi mnzake Timothy.

Ana anaseka. Anaseka mpaka kugwira nthiti. Sabina anachita manyazi. Anangoti zyoli, maso pansi.

Lachiwiri Sabina sanapite kusukulu. Anabisala m'chigafa, kuseri kwa fodya. Anali ndi manyazi. Anali ndi manyazi kwambiri.

Bambo ake anamupeza. Mapazi ake ankaonekera kunsi kwa fodya!

"Fodya wanga wamera miyendo?" anafunsa bambo.

Sabina analira. "Ababa, kusukulu sindipitanso. Anandiseka."

Anawafotokozera zonse. Bambo sanaseke.

"Tiye kukhola, mwana wanga," anatero.

Kukhola kunali ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Yakuda ndi Makala. Yotuwa ndi Phulusa.

"Makala amakoka kumanzere," anatero bambo. "Phulusa amakoka kumanja. Sasinthana. Ine tsiku lina ndinazisinthanitsa pagoli."

"Ndiye zinatani, ababa?"

"Zinakokana. Ngolo inagwera mu ngalande. Pamsika penipeni! Anthu anaseka. Ndinachita manyazi ngati iwe."

"Munabisala?"

"Ndinafuna kubisala. Koma ngolo akanaitulutsa ndani?"

Sabina anapukuta misozi. Bambo anamanga ng'ombe pagoli. Awiriwo anakwera ngolo.

"Nanenso ndinagubapo kusukulu," anatero bambo. "Makala ndiye left. Phulusa ndiye right."

Anatsika chitunda. Anakwera chitunda.

"Left!" anafuula bambo. Sabina analoza Makala.

"Right!" Sabina analoza Makala kachiwiri. Mayo! Anabisa nkhope.

"Palibe kanthu. Tiyesenso," anatero bambo.

Anayesanso. Anayesanso. Anayesa mpaka kufika kudimba.

Lachitatu Sabina anapita kusukulu. Anaima pamzere.

"Left turn!"

"Makala," ananong'ona Sabina. Anatembenukira kumanzere. Anatembenuka pamodzi ndi anzake onse!

Ataweruka anathamangira kunyumba.

"Ababa! Ababa! Lero sindinawombe munthu!"

Bambo anamunyamula m'mwamba. "Nanga mawa ukabisala kuti?"

"Mawa ndikaima kutsogolo!" anatero Sabina.