Bokosi Lachisanu ndi Chimodzi

Madzulo a Lachinayi, Hudson anakhala pakhonde la nyumba ya alendo ku Uliwa, mtima ukumuwawa. Mabokosi asanu a Wi-Fi pamalopo anawapachika ndi manja ake. Koma mwini malo, Mayi Eliness, anali atabweretsa Wallace wochokera ku Blantyre, wamasatifiketi ake, ndipo ananena poyera kuti mwezi ukatha, mwa awiriwa atsala mmodzi pantchito. Chilichonse chinali cha Wallace. Ngakhale ophika ankamuthirira tiyi poyamba.

Mabokosi aja amasankhana okha mtsogoleri, ndipo mtsogoleriyo amanyamula adiresi imodzi yolowera poyendetsa onse. Hudson ankadziwa zimenezi bwino. Anatenga bokosi lakale lomwe linatayidwa, n'kulipatsa adiresi yomweyo, n'kulilumikiza ku waya, n'kulibisa m'siling'i. Awiri akamalimbirana dzina limodzi, woitana samva yankho.

Masiku atatu Wallace anatuluka thukuta. Ankaitana adiresiyo pa laputopu, koma kunali zii. Anasintha mawaya, anazimitsa ndi kuyatsa, osaphula kanthu. Hudson ankangoyang'ana kumbali, akusekerera chamumtima.

"Amene akonze zimenezi ndiye wanga," anatero Mayi Eliness.

Usiku womwewo Hudson anabwerera. Mlonda anali akuwodzera pageti. Anaimika makwerero, anakankha chitseko cha siling'i, n'kukwera ndi laputopu yake. M'mwambamo munali motentha, mukununkha mileme. Anazula waya wa bokosi lakale lija. Anaitana adiresi. Inayankha nthawi yomweyo. Anamwetulira, akuganizira nkhope ya Wallace mawa lake.

Atalowa pa adiresiyo kuti aone mndandanda wa mabokosi, anawawerenga. Anali asanu ndi limodzi. Anawerenganso ndi chala. Lachisanu ndi chimodzi ndilo linali mtsogoleri, ndipo dzina lake linali Hudson.

Anayang'ana bokosi lomwe linali m'manja mwake. Waya unali pansi, kutali. Koma kagetsi kake kobiriwira kanali kakuyaka, kakuphethira pang'onopang'ono, mofanana ndi kupuma kwake. Anagwira mpweya. Kagetsi kanaima.

Pansi pake china chake chinakhwekhwereza makwerero. Chitseko cha siling'i chinatsekeka mwakachetechete.

"Wallace?" anaitana motsitsa.

Anakankha chitsekocho ndi mapazi, koma chinali ngati achikhomera misomali. Kenako anamva kugogoda, osati pansi, koma pambali pake penipeni, mumdima momwemo. Kanayi, kuima, kanayinso, monga momwe kompyuta imaitanira adiresi. Anakhala chokumbatira bokosi lija mpaka tambala atalira.

M'mawa mlonda anamva kubuula. Anapeza makwerero ali chiimire pamalo ake, chitseko cha siling'i chili yasa.

"Ba Hudson, mukuchita vichi kumeneko?" anafunsa mlondayo m'Chitumbuka.

Anamutsitsa ali wotuwa ndi fumbi, bokosi lakale lili pachifuwa. Wallace, yemwe anagona kwa mnzake ku Sangilo, anafika pa kabaza, anayang'ana bokosilo kamodzi, n'kumvetsa zonse. Mayi Eliness sanakalipe.

"Siyani makiyi patebulo, a Hudson," anatero.

Wi-Fi inayamba kugwira bwino, ndipo bokosi lakale lija analiponya m'dzala. Koma Wallace sakondanso kuyang'ana mndandanda kunja kukada. Akuti dzina lachisanu ndi chimodzi limabwerabe, n'kulanda utsogoleri, ndipo akalifufuta limabwereranso. Iye amati ndi vuto chabe la m'makina. Ophika amanong'onezana zina. Amati Hudson yemwe tsopano akugulitsa machaja a foni pamsika ndi thupi lokha, wochepa mawu, wamaso ozizira. Nsanje yake sinatsike naye m'siling'i muja, ikulonderabe ntchito.