Khoma la Thukuta

Dzuwa likafika paliwombo ku Chikwawa, khoma la nyumba ya a Felesiya linkayamba kutuluka thukuta. Linali la dothi lowotcha, koma m'kati mwake munkayenda timapaipi tonga misempha, ndipo pakona panali kadiso kamagetsi koyeza kutentha kwa thupi la aliyense wokhala m'nyumbamo. Munthu akatenthedwa, kadisoko kankatsegula madzi, dothi n'kunyowa, mphepo yolowa pazenera n'kuzizira ngati madzi a mumtsuko. Anthu ankangoti khoma la thukuta. M'zaka zimenezo chigwa chonse cha Shire chinali chitasanduka chipululu, moti wopanda khoma lotere sankatha chilimwe ali moyo.

Makoma amenewa a Felesiya ankaumba ndi manja awo, ndipo kudzitama nawo sankabisa ayi. Anthu a kummawa, a kutsinde kwa phiri la Mulanje, a kuchigwa ankawaseka kuti amagona m'mafiriji ngati nsomba. Kumeneko mvula inkagwabe, mpweya unali wachinyezi, ndipo nyumba zinali zomata paliponse, zopanda zenera lotseguka, makina otchedwa chizizitsa akung'ung'udza chaka chonse. Nawonso a kummawa ankabwezera, ati a kuchigwa ndi abuluzi, chawo n'kuwothera fumbi.

Kenako mtima wa a Fombe, amuna awo a Felesiya, unayamba kufooka. Mwana wawo Zuze, amene ankagwira ntchito ku Mulanje, anawaitana kuti akakhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Anapita monyinyirika, atanyamula mphasa ziwiri ndi thumba la timapaipi lomwe a Felesiya anakana kusiya.

Mankhwala a kuchipatala anathandiza ndithu, koma nyumba ya Zuze ndiyo inkawadya a Fombe. M'menemo simunkamveka tambala kapena mwana wa neba, ngakhale fungo la dothi. Munthu amene ankakonda kukuwira aliyense wodutsa pazenera anasanduka chete, chakudya n'kumangochiyang'ana. Kwanu n'kwanu, abale, mthengo mudalaka njoka.

"Mayi a Zuze," anatero tsiku lina, "nyumba iyi ndi mochale. Ndiumbireni khoma lathu, ndipumeko mphepo ya anthu."

A Felesiya anamuuza Zuze m'mawa mwake, iye akumanga nsapato kuti athamangire kuntchito.

"Amayi, zimenezo kuno sizigwira. Zisiyeni."

Anangonena zokhazo n'kutuluka. Mayiwo anapsa mtima koopsa. Mwana woti anakulira m'tsinde mwa khoma lomwelo, lero waonako timakina ta kummawa, wayamba kunyoza manja amene anamulera! Sanafunsenso chifukwa chake. Anakatapa dothi kumtsinje, n'kuyamba kuumba m'kanyumba kosungira katundu kuseri kwa nyumba. Zuze anaona, koma anaganiza kuti mayi ake akungodzitonthoza chifukwa chopukwa kwawo, ndiye anawaleka.

Patatha milungu itatu khoma linaima. Tsikulo mvula inagwa m'mawa, kenako dzuwa linatuluka laukali, nthaka ikufuka nthunzi. Zuze atachoka, a Felesiya anawagwira dzanja amuna awo n'kukawagoneka pamphasa m'kanyumbako, zenera lili chitsegukire. A Fombe anakoka mpweya, anamva fungo la dothi lonyowa, ndipo anaseka koyamba chifikireni. Anadya nthochi ziwiri. Anakuwira ngakhale mayi wina wodutsa ndi nkhuni, kumufunsa za kunyumba ngati amadziwana.

Pofika masana kutentha kunakula. Kadiso kaja kanafiira n'kutsegula madzi, koma m'nyumbamo simunazizire. Kanatsegula ena. Khoma linayamba kudontha pansi, mpweya unalemera, thukuta la a Fombe linkangoyenderera osauma. A Felesiya anachita zimene zaka zonse za kuchigwa zinawaphunzitsa: kukatentha, wonjezera madzi. Anakhuthulira ndowa pakhoma, ananyowetsa chitenje n'kuwafunditsa amuna awo. Mantha atawagwira, anati mwina abwerere m'nyumba ya Zuze, koma a Fombe anapukusa mutu.

"Lipatseni nthawi. Khoma lanu silinandinamizepo."

Mawu amenewo anawakomera mumtima, kalanga ine, ndipo anadikira. Anathiranso ndowa ina. Mmene ankaona kuti milomo ya amuna awo yasintha mtundu, kupuma kukuduka, anathamangira m'nyumba ya Zuze kukadina batani loitanira kandege kachipatala. Kanafika msanga, koma kanapeza a Fombe atatsamira khoma lonyowalo, atapita kale.

Dokotala amene anabwera ndi kandegeko anali mayi wofatsa. Anagwira khomalo, n'kufotokoza motsitsa mawu kuti linaumbidwa bwino, lilibe cholakwa. Dothi limaziziritsa pokhapokha mpweya ukakhala ndi ludzu, ukamamwa madzi a pakhoma ndi thukuta la pakhungu n'kuchoka ndi kutenthako. Mpweya wa kummawa ndi wokhuta kale. Madzi aliwonse owonjezera ankangotsekera kutentha m'thupi la wodwalayo, mpaka mtima wofookawo unalephera.

A Felesiya anayang'ana ndowa ili pakhomo. Zuze atafika anagwada pamatope pomwepo.

"Ndikanakuuzani chifukwa chake, amayi. Ndinali pachangu."

"Nanenso ndikanafunsa, mwanawe," anayankha.

Maliro anapita nawo kwawo kuchigwa, monga a Fombe ankanenera nthawi zonse. Kumanda kunalibe mthunzi. Mphepo yotentha ya m'chipululu inkawomba mchenga m'maso mwa oimba nyimbo, kung'amba milomo, kuwaumitsa kukhosi. A Felesiya analira ndi chisoni chachikulu, podziwa kuti manja awo omwe ndiwo anathira madziwo, koma misozi inkauma isanafike pachibwano. Anagwira tsaya lawo, napeza kuti lazizira.

Anaima chilili mpaka anthu onse atabalalika. Moyo wawo wonse ankaitukwana mphepo imeneyo, osadziwa kuti ndiyo inkawasungira mwamuna.