Mapazi pa Phulusa

Kachewere wowotcha amene Edna ankasiya pakhonde madzulo ankatha yense, ndi makoko omwe. Anayamba kuika mbaleyo tsiku limene mwana wake Janeti, wa sitandade faifi, sanabwere kunyumba. M'mawa mwake anaipeza yopanda kanthu, itavundikiridwa bwinobwino.

Anamanga chitenje kuti athamangire kupolisi, koma mwamuna wake Fyson anamugwira mkono.

"Amake Janeti, khalani pansi," ananong'ona. "Simukuona kuti mwanayu ali pafupi? Akaona apolisi athawira kutali. Ndipo mukamva kanthu usiku musatsegule."

Pamjigo, paja sipasowa akatswiri. Ena ankati mwanayo wasandutsidwa ndondocha, ena ankati mukachita phokoso mwini wakeyo amusamutsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati tiyeni tikafunse kumsewu. Edna sanapitenso kupolisi.

Inali nyengo yokumba kachewere, ndipo Fyson ankagona kudimba kulonda akuba. Edna ankatsala yekha mumdima wandiweyani, mphepo ya kumapiri ikuliza malata. Nkhuku zikangokhala chete, ankamva mapesi akuthyoka kuseri kwa nkhokwe, pang'onopang'ono, kenako mbale ikukhulidwa pansi.

Usiku wina anakwawira pachitseko n'kuika pakamwa pamng'alu.

"Janeti? Ndi ine, amako. Palibe akumenye."

Kutafuna kunaleka. Kunja kunamveka kupuma kwa munthu amene akumeza misozi, kenako mapazi anabwerera kumapesi. Edna analira mpaka kucha, komabe anathokoza Mulungu kuti mwana wake akudya.

Mwezi unatha, unabadwa wina. Edna sanalinso kufuna zambiri, ankangofuna kuona phazi la mwana wake, adziwe ngati lavulala. Anasefa phulusa n'kuliwaza pakhonde ponse osauza munthu.

Kutacha anatsegula chitseko. Mapazi analipo, ooneka bwino, koma anali aakulu. Lakumanzere linalibe chala chaching'ono. Chala chimenecho Edna ankachidziwa, anamanga yekha bala lake chaka chimene Fyson anadzitema ndi khasu.

Fyson atafika anapeza mkazi wake atakhala pambali pa phulusalo. Sanakane.

"Mbuzi zinalowa kudimba iye akusewera," anatero, maso ali pansi. "Ndinamumenya kwambiri. Ndinamuuza kuti asadzapondenso pano. Ndinaopa kuti apolisi anditsekera, amake Janeti. Ndimati abwera yekha."

"Ndiye mumadya chakudya cha mwana wanga, ine ndikumuitana?"

Sanadikire yankho. Anachotsa chithunzi cha Janeti pakhoma, anakanena kupolisi, kenako anayenda nacho golosale ndi golosale pa Nsipe. Mayi Nazira, ogulitsa sopo ndi mchere pafupi ndi pokwezera katundu, atachiona anagwira pakamwa.

"Mayi inu! Mwanayu anakhala apa akulira, ndinamupatsa mandasi. Anakwera lole ya kachewere ndi mzimayi wina amene ankati akamupezera ntchito m'tauni. Ine ndinkayesa ndi azakhali ake. Loleyo inabweranso kangapo sabata imeneyo. Mukanangobwera kudzafunsa, tikanamugwira dalaivalayo."

"Nanga pano ili kuti?"

"Kachewere anatha, mayi. Malole anasiya kubwera."

Panalibe amene ankakumbukira nambala yake, ngakhale dzina la dalaivala.

Madzulo ake Fyson anali akufunsidwabe kupolisi. Edna anawotcha kachewere monga mwa masiku onse, anasankha wofewa amene Janeti ankamukonda, n'kuika pakhonde, n'kuwazanso phulusa latsopano. Anakhala kuseri kwa chitseko akumvetsera. Mphepo inaliza malata, galu anauwa kutsidya, koma mapesi sanathyoke.

M'mawa phulusa linali losalala, mbale ili yodzaza, nyerere zikuyendamo. Apo m'pamene anthu a m'mudzimo anamva Edna akulira maliro.