Goli la M'chitsime cha Sultani

Ine ndatunga madzi m'linga la Sultani, pamwamba pa mzinda wa Kairo, zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo ngamila zimene ndamwetsa mutazindandalika zikhoza kufika ku Maka n'kubwerako. Ndiye ndikamanena za chitsime cha m'lingamo, wotsutsa atseke pakamwa.

Anachikumba m'thanthwe ndi akaidi ogwidwa kunkhondo. Kuya kwake, ukaponyamo mwala Lachisanu umamva phava! Lolemba. Pakatikati pake pali chipinda chamdima, mmene ng'ombe yomangidwa m'maso imazungulira n'kumapukusa gudumu lokweza mitsuko. Woisamala anali Marzuki, munthu wofatsa.

M'mawa wina Marzuki anapeza ng'ombeyo ili thukuta kamukamu, thovu kukamwa, chonsecho madzulo anali ataimasula yekha. Usiku wotsatira alonda anamva gudumu likulira pansi pa mapazi awo, kwiii, kwiii, mozengereza ngati munthu wobuula. Amayi akukhitchini ankanong'onezana kuti okumba aja anafa asanauzidwe kuti ntchito yatha.

Pofika tsiku lachisanu nthiti za ng'ombe zinali poyera. Mkulu wa asilikali anaitana Marzuki.

"Galu iwe, ng'ombe ya Sultani ikangofa ndikukankha kuchokera pamwamba pa khomali. Tione ngati unabadwa ndi mapiko."

Usiku umenewo Marzuki anatsika ndi mlamu wake Ghanimu, wometa anthu, kuti akadikire. Tsono ife a m'chitsime tili ndi lamulo limodzi: pansi paja suyankha mawu amene mwini wake sukumuona, ngakhale atamveka ngati mayi ako.

"Alamu, munati mukundiitanira mphodza," ananong'ona Ghanimu. "Awa si manda awa?"

"Khalani chete."

"Ndili chete ine. Akulongolola ndi mawondowa."

Nyali inayamba kuphethira popanda mphepo, kenaka inazima. Mdima wake mukanatha kuucheka ndi lumo. Madzi ankadontha, tho, tho. Ndiye pansi penipeni panayambika nyimbo, yomwe ija timaimbira ng'ombe kuti iziyenda, koma ya anthu ambirimbiri oimba ndi kukhosi kouma. Inkakwera masitepe pang'onopang'ono. Anamva ng'ombe ikudzuka movutikira, ziboda zikukhwekhwereza, goli n'kugogoda pakhosi pake. Gudumu linati kwiii. Ng'ombe inagwada, n'kudzukanso.

"Isiyeni!" anakuwa Marzuki. "Mukuipha!"

Nyimbo inaduka. Kunali zii. Kenaka mawu aulemu, ozizira, pafupi ndi khutu lake:

"Nanga akoke ndani, bambo?"

Ghanimu anapapasa mumdima kuti amutseke pakamwa Marzuki, koma anagwira mphuno.

"Aliyense! Ngakhale ine, koma isiyeni!" anayankha Marzuki.

Basi. Nyali inayaka yokha.

Ng'ombe ija inanenepa mpaka tinachita kugumula khomo kuti izidutsa. Mkulu wa asilikali anakondwa, namupatsa Marzuki mkanjo watsopano. Koma gudumu silinasiye kulira usiku.

Mkazi wa Marzuki ankatseka chitseko ndi mpiringidzo, n'kumanga mwendo wa mwamunayo ku mwendo wake. Marzuki ankagona osagwedezeka mpaka muwazini wa kumzikiti ataitana anthu ku pemphero la m'bandakucha. Podzuka, mapazi ali matope, mpweya uli wefuwefu, kumbuyo kwa khosi kuli chilonda chosupuka. Chilondacho ndinachiona ndi maso angawa, ndipo chibakera changa chinkalowamo chonse.

Pomalizira pake Marzuki anamwalira. Titanyamula maliro ake, amuna anayi amphamvu, tinalephera kulunjika kumanda. Chithatha chinkangotikokera kumanzere, kumanzere, tikuzungulira pabwalo mpaka dzuwa kulowa.