Wakuba Wovundikira Telesikopu

Mzime anapeza bambo ake padenga m'mawa wa Lachitatu, atagona chafufumimba pafupi ndi thanki ya madzi. Magazi anali ataumira kuseri kwa khutu. Anakuwa mpaka mawu anasasa.

Bambowo anthu a mumsewumo ankawatcha a Kadzidzi. Chipumire ntchito yokonza mawotchi, tulo anasiyana nato. Ankachezera padenga la nyumba yawo yosanja, kujambula nyenyezi ndi telesikopu. Mzime, mwana wawo wotsiriza amene anali ndi saluni pansi pa nyumba yomweyo, ankawaseka kuti akufunafuna malo kumwamba nthawi isanakwane. M'mawa umenewo nthabwala ija inamuwawa.

Kuchipatala dokotala sanachulutse mawu.

"Akupuma bwino, koma sanatsitsimuke. Mwina madzulo."

Woyamba kufika anali Wamagalasi, bwenzi lawo la ponda apa n'pondepo, mwini sitolo ya magalasi a maso. Iyeyu ndiye ankawasankhira a Kadzidzi zida zonse za telesikopu, ndipo awiriwo ankatha kukangana tsiku lathunthu pa kasikuluwu kamodzi. Analowa misozi ili mbwembwembwe.

"Adokotala, achimwene angawa akadzuka, akumbukira zomwe zachitika?"

"Ambiri amakumbukira."

Wamagalasi anagwedeza mutu, n'kumugwira Mzime paphewa.

"Mwananga, apolisi akukudikira kunyumba. Pita. Ine ndikhala nawo, kuti akatsegula maso aone nkhope yodziwika."

Mzime anathokoza mpaka kugwada.

Padenga anapeza Sajeni, mayi wamfupi wosasekaseka, akuzungulira telesikopu manja ali kumbuyo. Inali chiimire pa miyendo yake itatu, yaitali ngati mpope wa madzi.

"Chasowa n'chiyani?"

"Kamera. Inali yaing'ono, yofiira. Imalowa kumbuyo kuno."

"Chinthu chachikulu chonsechi achisiya, atenga kakang'ono?"

"Kakang'onoko ndiye kodula. Kangofika mwezi watha."

"China?"

Mzime anasuzumira. Kawirikawiri ankawagwirira bambo ake tochi akamamanga zidazo, choncho ankazidziwa pang'ono.

"Panali kamphete kachitsulo pakati pa kamera ndi telesikopu. Kopyapyala ngati chibangili cha khanda. Popanda iko, nyenyezi za m'mphepete mwa chithunzi zimatuluka ndi michira. Nakonso kapita."

"Wakuba wa m'misewu angadziwe zimenezo?"

Sajeni analoza mawaya. Sanadulidwe. Anazulidwa bwinobwino, limodzilimodzi. Lamba wotenthetsa, amene amazengedwa kukamwa kwa telesikopu kuti galasi lisagwire mame, anali atazimitsidwa. Zomangira za mota yotsata nyenyezi zinali zothina, monga amachitira munthu wodziwa kuti ukachotsa kamera usanamange, telesikopu imapendekera uko kuli chitsulo cholemera n'kudzimenyetsa pamwendo.

"Nanga ichi?" Sajeni anagogoda chivundikiro chakuda kutsogolo. "Bambo ako amajambula atavundikira?"

"Ayi. Chivundikiro chimakhala m'bokosi mpaka atamaliza."

"Ndiye munthu wamenya mkulu m'mutu. Mkuluyo ali gone apo, magazi akutuluka. Iye akutsegula bokosi, kufuna chivundikiro, kuti fumbi lisagwe pagalasi." Sajeni analavula chotokosera m'mano. "Ntchito ino ndaonamo zambiri, koma mbava yachifundo pa galasi sindinaione. Ameneyu manja ake anachita okha zomwe anazolowera. Ndani winanso amagwira chinthuchi?"

Mzime anayang'ananso chivundikirocho.

"Ndi mmodzi yekha."

"Ali kuti?"

"Ndawasiya ndi adadi. Okha awiri."

Anatsika masitepe ngati akuthawa moto. M'galimoto ya polisi Mzime anaimba foni ya kuwodi. Inalira mpaka kuduka. Anaimba ya Wamagalasi. Yozima. Pamphambano ya msika lole ya simenti inali itafa pakati pa msewu, magalimoto ali ndiii. Sairini inalira, koma panalibe kopatukira.

"Tsika, tithamange," anatero Sajeni.

Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka, kudutsa pakati pa ogulitsa malonda, Mzime nsapato zili m'manja. Mzime ankangoona mmene anagwadira pothokoza muja.

Muwodi anamwino anali kumapeto, akugawa mankhwala. Bedi la a Kadzidzi lokha ndilo linali lotchingidwa ndi makatani. Sajeni anawakoka kamodzi.

Wamagalasi anali ataweramira wodwalayo, pilo ali m'manja onse awiri. Kachubu ka mpweya kanali katachotsedwa pamphuno, kakulendewera pambali pa bedi.

"Ndimati ndiwakonzere pogona," anatero.

"Pilo wa kunkhongo mumakonzera kumphuno? Ikani pansi. Manja kumbuyo."

"Mwananga, uwauze amayiwa kuti ine ndine ndani."

Mzime sanamuyang'ane n'komwe. Anagwada pabedi, kubwezera kachubu kaja, uku akukuwira anamwino. Chifuwa cha bambo ake chinakwera, chinatsika, chinakweranso. Apo m'pamene anakhala pansi pasimenti.

Kamera anakaipeza masana omwewo m'sitolo ya magalasi, m'kabati ya pansi, itakulungidwa mu kansalu kofewa kopukutira malenzi. Kupolisi Wamagalasi sanalimbe. Anati kamerayo anaisankha yekha m'kabuku, anaisirira zaka zambiri, koma yemwe anaigula ndi mnzake. Ankadziwa kuti a Kadzidzi akaitchera kuti izijambula yokha, amatsika kukatsamira pang'ono. Sanayembekeze kuti abwerera msanga kudzaona mame. Atamva mapazi, anabisala kuseri kwa thanki ndi sipanala.

"Kuchipatala kuja ndinkaopa kuti anandiona nkhope," anatero.

"Mukafotokoza kukhoti," anayankha Sajeni, n'kutseka chitseko cha selo.

A Kadzidzi anatsegula maso dzuwa likupendeka. Anayang'ana kudenga, kenako kwa mwana wawo.

"Mzime? Chachitika n'chiyani?"

"Munamenyedwa padenga, adadi. Munamuona munthuyo?"

"Ayi. Ndinangomva phu kumbuyo, basi mdima."

Maso awo anayendayenda pa mipando ya alendo yomwe inali yopanda munthu.

"Mnzanga uja mwamuuza? Mumuuze mosamala, mwananga. Mtima wake ndi wofooka, akamva adwala."