Mayi wa Pamgolo Wofiira

Make mapasa ananyamuka pachilumba anthu atatseka kale zitseko. Chimene chinamutulutsa usiku umenewo ndi mwendo wa mwamuna wake. Bamboyo anadzicheka ndi chitsulo pokonza injini, n'kungomangapo kansanza, ati bala la mwamuna limapola lokha. Tsopano mwendowo unali utatupa ngati mtsamiro, thupi likuotcha, munthu akungobwebweta. Amuna onse odziwa boti anali kutali kokawedza.

"Mwana wanga, dikirani kuche," apongozi ake anatero atagwira chingwe cha boti. "Kudoko lalikulu usiku amalowako ndi akatswiri okha. Mukufuna ana awa alire makolo onse awiri?"

"Amayi, tikadikira kuche tidzanyamula maliro. Siyani chingwecho."

Gogoyo anasiya chingwecho. Amayi oyandikana nawo anamuthandiza kugoneka wodwala pakati pa boti, n'kumufunditsa bulangete. Make mapasa anamangirira tochi pamtengo, n'kukoka chingwe cha injini mpaka inalira.

Kuwongolera boti ankadziwa. Masana ankaliyendetsa kawirikawiri popita kukagulitsa nsomba. Koma nthawi zonse akayandikira doko, mwamuna wake ankati, "Sendera, pano si pamasewera," n'kulanda chiwongolero. Lero woti alande panalibe.

Ulendo wa pakati pamadzi unayenda bwino. Kenaka kutsogolo kunayamba kuyera ngati kukucha, koma sikunali kucha. Linali doko. Nyali zinali mbwee, zofiira, zobiriwira, zoyera, zina zikuphethira, zina zikuyenda. Makina aatali ngati nsanja ankanyamula makontena m'mwamba. Sitima zodikira mpata zinangoti chilili ngati mapiri akuda. Masana zonsezi zinkaoneka zadongosolo, koma usiku zinasokonezeka, osadziwa kuti khomo ndi liti.

Apo n'kuti chifunga chikutsika.

Chisanatseke, anaona kutsidya nyali za pamalo oimikapo maboti ang'onoang'ono. Chipatala chinali kuseri kwake komweko. Pakati panali madzi okhaokha, akuda, opanda kanthu. Mwamuna wake anabuula. Make mapasa analuma mano, n'kuloza boti kumeneko kuti angodula.

"Usadule."

Mawuwo anali a mkazi. Anachokera pafupi kwambiri.

Anachepetsa moto wa injini. Kumanzere kwake kunali mgolo waukulu wachitsulo, wa ija imayandama posonyeza njira ya sitima, nyali yofiira ikuphethira pamwamba pake. Pamgolopo panali patakhala mayi. Nsalu zake zinali zonyowa. Kumsana kwake kunali mbereko yomangidwa bwinobwino, koma munalibe mwana.

"Mayo! Amayi, boti lanu lamira? Kwerani msanga!"

Anasendeza boti pafupi. Mayiyo anatsika, n'kukakhala kutsogolo, atamupatsa msana. Boti laling'ono limapendekeka ngakhale pokwera mwana. Ili silinagwedezeke n'komwe.

"Kweza tochi, akuone," mlendoyo anatero osatembenuka. "Nyali zofiira zikhale kumanzere kwako. Yenda m'mbali. Pang'onopang'ono."

"Amuna anga ali mwakayakaya, nthawi ndilibe!"

"Nanenso ndinalibe."

Asanafunse kuti akutanthauzanji, hutala analira. Analira ngati kumwamba kwang'ambika! M'chifunga munatuluka khoma lakuda, lalitali mwakuti pamwamba pake sipankaoneka. Sitima! Inkadutsa pamalo omwe aja ankafuna kuwolokera. Inadutsa... inadutsa... osatha. Fungo la dizilo linadzaza m'mphuno.

"Loza mphuno ya boti kumafunde. Gwiritsa."

Mafunde a sitimayo anafika. Boti linakwera, n'kugwa phwa! Linakweranso. Madzi ozizira anathovokera mkati, wodwala anakuwa. Make mapasa anapanikiza chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka madzi anadekha.

Nyali ya kumbuyo kwa sitima inawaunika pang'ono. Anaona chithunzithunzi cha mtengo wa tochi. Anaona chake chomwe, chitagona pamadzi. Cha mlendo panalibe.

Tsitsi linamuima. Nsalu za mayiyo zinkachucha madzi osaleka, tho... tho... tho... koma thabwa limene anakhalapo linali louma.

Anaganiza zokuwa. Akuwire ndani? Anaganiza zobwerera. Abwerere kuti? Anayang'ana nkhope ya bambo a ana ake, milomo itauma, maso atatembenuka.

"Amayi," anatero mawu akunjenjemera, "kaya ndinu munthu, kaya ndinu chiyani, ine sindibwerera. Mundifikitse."

Mlendoyo anagwedeza mutu pang'ono.

Njira inaoneka yoyera tsopano, ndipo dzanja la make mapasa linayamba kuwonjezera moto.

"Dikira. Boti likubwerali lili ndi linzake."

Kunabwera boti lalifupi, lonenepa, la aja amakoka anzawo. Linadutsa. Kumbuyo kwake kunalibe kanthu... ayi! China chake chinatuluka m'madzi chikudontha. Chingwe chachitsulo, chokhuthala ngati mkono, chitakungika ngati uta. Kumapeto kwake, patali ndithu, kunkabwera chiboti chakatundu, mwakachetechete, nyali yake ikungothwanima ngati ya chiphaniphani. Akanalowa pakati pa ziwirizo, chingwecho chikanawadula ngati sopo.

Anadikira. Thukuta linkatsika m'msana ngakhale kunkazizira.

"Tsopano. Woloka molunjika. Usazengereze pakati."

Anatsegula moto wonse. Injini inakuwa. Chifunga chinkamumenya kumaso. Kwinakwake hutala wina analira, kutali kapena pafupi, sanadziwe. Sanacheuke. Kenaka mgolo wa nyali yobiriwira unadutsa pambali pake, ndipo madzi anakhala bata. Anali atawoloka.

Ndi pamene mlendoyo anayankhulanso, mawu ake atatsika, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi.

"M'bale wanga... m'njira monse wadzeramu, sunamveko mwana akulira?"

"Ayi, amayi. Sindinamve."

"Chabwino. Ndimafunsa aliyense."

Mizati ya pamalo oimikapo maboti inaonekera. Mlonda wachikulire wovala chijasi anathamanga ndi tochi yake, akukalipa kuti ndani wamisala amene akuwoloka nthawi ino. Ataona wodwala anasiya kukalipa. Anawakha chingwe, n'kuimba foni kuitana ambulansi. Make mapasa anatembenuka kuti athokoze mlendo wake.

Kutsogolo kwa boti kunalibe munthu.

Nthawi yoti azizwe inalibe. Anakwera ambulansi atagwira dzanja la mwamuna wake. Madokotala anagwira ntchito usiku wonse, ndipo m'mawa mmodzi anamuuza kuti mwendo aupulumutsa, ndi mwini wake yemwe, koma kuti akanadikira kuche nkhani ikanakhala ina.

Masana anabwerera kudoko kukaona boti. Dzuwa linali phwee, maboti akupingasana, onyamula katundu akukuwizana. Anamupeza mlonda uja akumwa tiyi pakhomo pa kanyumba kake, asanapite kwawo.

"Achemwali, ndakhala ndikukudikirani," anatero. "Ine ndakalambira padoko pano. Munthu wachilendo sadutsa pakati pa sitima ndi chingwe chija m'chifunga. Anakuphunzitsani ndani?"

"Ndinali ndi mayi wina. Ndinawatenga pamgolo wofiira wa pakhomo paja. Mwina anatsika ine ndili kalikiliki ndi wodwala."

Mlondayo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"M'boti lanu munali anthu awiri okha, inu ndi wodwala. Ndinakuunikani muli patali." Kenaka anafunsa, "Anakufunsani za mwana?"

Make mapasa anakhala pansi, pasimenti pomwepo.

"Si inu oyamba," mkuluyo anapitiriza, maso ali kumadzi. "Ndi kale, ine ndili mnyamata, ndevu izi zisanayere. Mayiyo anachokera kuzilumba ngati inu, usiku, khanda likutentha thupi kumsana. Anaona nyali zathuzi, n'kudula njira. Sitima sinamuone n'komwe. Ndinali nawo m'boti limene linakamuvuula m'mawa mwake, atakolekera pa tcheni cha mgolo womwewo. Tinamuika m'manda ife tomwe, chifukwa abale ake anachedwa kumva."

"Nanga mwanayo?"

Mlonda anapukusa mutu.

"Mbereko inali yomanga. Mwana sitinamupeze mpaka lero."